Kupatsa n'kuika

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Akale ponena mawuwa ankatanthauza kuti mlandu umene wasautsa mudzi kwa nthawi yaitali, nthawi zina amadzaumasula ndi munthu wongofika dzulo. M'makoleji athu osulira aphunzitsi mwafika mlendo wotere. Mnyamata kapena mtsikana amene akuphunzira uphunzitsi lero ku Kasungu, ku Karonga, ku Machinga, ku Phalombe kapena ku St Joseph's kuja ku Bembeke, pamwamba pa choko ndi bolodi akuyembekezeka kudziwanso kompyuta, tabuleti ndi intaneti. Ine amene ndidakalambira m'kalasi ndikuti mlendoyu alandiridwe ndi manja awiri, apatsidwe mpando. Komabe kalumo kamene kamameta bwino ndi komweko kamene kamatema, choncho nkhani ya kagwiridwe kake ndi yofunika kuikhalira pansi.

Aka sikoyamba kuti maphunziro athu alandire mlendo. Mu 1929 ku Domasi kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankapita pamodzi ndi akazi awo kukasulidwa, kuti akabwerera azikayendera masukulu a m'midzi n'kumalangiza anzawo. Nthawi imeneyo nzeru inkayenda wapansi kapena pa njinga. Mu 1965 kudabwera Malawi Correspondence College, imene lero ikutchedwa Malawi College of Distance Education, ndipo nzeru idayamba kuyenda pa positi ndi pa wailesi. Mu 2008 ana a sitandade 1 adayamba kumvera pulogalamu ya Tikwere pa MBC, theka la ola, pa mawailesi aja opukusa ndi dzanja. Wailesi inkauza mphunzitsi kuti aimiritse ana, alembe pa bolodi, afunse funso, adikire yankho. Kumene mphunzitsi adali wokonzeka, ana ankapindula. Kumene adali wosakonzeka, wailesi inkangodziyankhulira mpaka theka la ola litha.

Chaka chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi 1994. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chidachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Padalembedwa achinyamata pafupifupi 20,000 osaphunzira uphunzitsi, ena a JC ena a MSCE, adawaonetsa njira kwa masabata owerengeka n'kuwapatsa choko. Maphunziro awo enieni, aja a MIITEP, adadzayamba mu 1997: miyezi itatu ku koleji, kenako miyezi yambirimbiri akudziwerengera mabuku ali kusukulu kwawo. Anthu adawanena zambiri achinyamata amenewo. Ine ndidagwira nawo ntchito, ndipo ndinena poyera kuti ambiri mwa iwo sadali aulesi, sadalinso opanda nzeru. Chimene chidawazunza chidali kusowa womufunsa. Taganizirani mtsikana wa zaka 20, ana oposa 100 akumuyang'ana pansi pa mtengo wa mango, phunziro la kugawa manambala lamukanika, ahedi nawo ali ndi makalasi awiri, ndipo mlangizi wa m'zoni adzafika mwezi wamawa ngati mtsinje sudzakhala wodzaza. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Mtsikana uja adali yekha, ndipo cholakwika chimene adaphunzitsa Lolemba adachibwerezanso chaka chotsatira, popeza padalibe womutsina khutu.

Apa ndi pamene ndimaona mphatso yaikulu ya kachipangizo kamene adzukulu athu amayenda nako m'thumba. Maphunziro a uphunzitsi a masiku ano, a IPTE, ndi a zaka ziwiri, gawo lina ku koleji, gawo lina kusukulu yoyeserera, ndipo nthawi zambiri sukuluyo imakhala ya kumudzi kwenikweni. Mtunda udakali womwewo, mtsinje ukudzazabe, ana achulukirachulukira. Chasintha n'chakuti wophunzira uphunzitsi amene ali ku Nsanje angathe kufunsa madzulo ano mnzake amene ali ku Chitipa, kapena mphunzitsi wake wa ku koleji, n'kuyankhidwa asanagone. Safunsa adadya phula, koma kale ngakhale wofuna kufunsa ankasowa pofunsira. Ngati intaneti ingatichotsere vuto limeneli lokha, ndalama zogulira zipangizo sizinapite pachabe.

Pali chifukwa chinanso chimene aphunzitsi a mawa sangathawire mlendoyu: akakumana naye m'kalasi momwe. Mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe padayesedwa matabuleti okhala ndi maphunziro a masamu opangidwa ndi bungwe la onebillion, oyankhula Chichewa. Bungwe la VSO lidapititsa ntchitoyo m'masukulu ambiri, ndipo mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro udayamba pulogalamu ya BEFIT, yofuna kuti matabuleti otchajidwa ndi sola afike kwa ana a sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu onse a boma a pulayimale. Mwana amavala zomvera m'makutu, amagwira chilembo ndi chala, chipangizo chimamuuza ngati wakhoza, ndipo amayenda pa liwiro lake. Chimenechi n'chinthu chimene mphunzitsi mmodzi wa ana 100 sangachite kwa mwana aliyense, ndipo ndikuchiyamikira. Komatu tabuleti siiona kuti mwana uyu wabwera wosadya, kuti uyu akuyandikitsa nkhope chifukwa maso akumuvuta, kuti uyu wakhala sabata yathunthu osabwera chifukwa akulera mng'ono wake. Siimangiriranso zimene mwana waphunzira ku phunziro la mawa la pa bolodi. Imeneyo ikadali ntchito ya munthu, ndipo munthuyo afunika kusulidwa asanakumane nazo.

Za mliri wa COVID-19 sindichulutsa, tonse tidaziona. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Ana a m'tauni okhala ndi mafoni ndi magetsi adapitiriza pang'ono. Ana a kumudzi adatsala ndi wailesi, kumene idalipo, ndipo atsikana ambiri sadabwererenso m'kalasi. Chakudza sichiimba ng'oma. Aphunzitsi ambiri adapezeka osakonzeka chifukwa palibe amene adawakonzekeretsa.

Tsono nkhawa yanga yagona pa kasulidwe ka aphunzitsi a mawa. Ndikamacheza ndi achinyamata amene ali m'makoleji, ndimamva kuti luso limene alidziwa msanga ndi lotenga: kufufuza, kutsitsa, kukopera, kutumizirana. N'luso lofunika ndithu. Koma intaneti ili ngati nkhokwe ya mudzi wonse, imene aliyense amatapamo, ndipo chimene chilimo ndi chokhacho chimene anthu adathiramo. Amene adathiramo kwambiri ndi aphunzitsi a ku America, ku Britain ndi maiko ena olemera. Phunziro lawo adalikonzera ana 25, aliyense ndi buku lake, desiki yake, ndi magetsi osazima. Zitsanzo zake ndi za zipatso zimene mwana wa ku Ntchisi sadazionepo, nyengo zimene kuno sizibwera, ndalama zimene sadazigwirepo. Wophunzira uphunzitsi akalitenga momwemo n'kulisandutsa chikonzero cha phunziro lake, pa pepala limaoneka lokongola, ndipo mwina amapata malikisi abwino. Akaima nalo pamaso pa ana, limamugwera m'manja. Nkhwangwa yobwereka sikhala kuguluka.

Masiku ano kwabweranso mapulogalamu amene ukawafunsa amakulembera chikonzero chonse m'kamphindi, m'Chingerezi chosalala. Sindikuti asagwiritsidwe ntchito. Ndikuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapulogalamu amenewa amayankha molimba mtima ngakhale pamene akulakwitsa. Wophunzira aliyense awayese kaye pa nkhani imene iye akuidziwa bwino: awafunse za mudzi wa kwawo, za kalimidwe ka nandolo, za tanthauzo la mwambi umene agogo ake ankaunena. Akaona pamene akupunthwa pa zimene iye akuzidziwa, adzadziwa kuchenjera nawo pa zimene sakuzidziwa. Phunziro limeneli liyenera kubwera m'sabata zoyambirira za ku koleji, pakuti m'mera mpoyamba.

Koma chachikulu chimene ndikufuna kunena ndi cha kuthiramo. Nzeru ya kuphunzitsa mwana wa Chimalawi ilipo yambiri m'dziko muno, ndipo pafupifupi yonse ili m'mitu ya anthu. Ndikudziwa amayi amene adaphunzitsa sitandade 1 moyo wawo wonse, amene ankatha kukhazika chete ana 120 popanda kukweza mawu kapena kutola ndodo, ndi kanyimbo ndi kuwomba m'manja basi. Ndikudziwa abambo amene ankaphunzitsa kuchulukitsa ndi zitsekerero za mabotolo ndi zitsononkho, nzeru ija ya TALULAR yogwiritsa ntchito zopezeka pafupi, ndipo ana awo sankaiwala. Alipo odziwa kuthandiza mwana amene amasokoneza b ndi d, odziwa polowera pophunzitsa maphatikizo ovuta monga nkha, mphwa ndi ng'o, odziwa kulandira mwana amene kwawo amayankhula Chiyao, Chisena, Chilomwe kapena Chitumbuka n'kumufikitsa pa kuwerenga osamuchititsa manyazi ndi chiyankhulo cha amayi ake. Alipo odziwa mawu oyenera kuyankhula ndi makolo kuti mtsikana amene adasiya sukulu abwerere. Mukafufuza zimenezi pa intaneti mudzapeza zochepa kwambiri, ndipo za m'Chichewa ndiye zosowa. Eni nzeruzi akupuma pa ntchito chaka ndi chaka, ena tikuwaperekeza kumanda, ndipo nzeru zawo zikupita nawo limodzi. Galu wamkota sakandira pachabe, koma ngati palibe woona pamene wakanda, achichepere adzayambiranso kusaka kuchokera pachiyambi.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti wophunzira uphunzitsi aliyense aphunzitsidwe kulemba zimene akukumana nazo m'kalasi, n'kuziika pamene anzake angaziwerenge. Kulemba kotere si kwachilendo. Amene ali kusukulu yoyeserera amauzidwa kale kusunga buku lolembamo zimene aona ndi kuphunzira. Vuto n'lakuti bukulo limawerengedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, amaikapo malikisi, kenako limakalowa m'katoni mpaka chiswe chitaligwira. Wolembayo, podziwa kuti owerenga ake ndi oika malikisi, amalemba zowasangalatsa: phunziro lidayenda bwino, ana adatenga mbali, zolinga zidakwaniritsidwa. Palibe amene amaphunzirapo kanthu, ngakhale mwini wake.

Tsono tiyerekeze kuti wophunzira wina walembera anzake Lachisanu madzulo kuti sabata ino amaphunzitsa kuchotsera kobwereka ku sitandade 3, adafotokoza katatu, ana ambiri sadamve, ndipo atayang'ana makope adapeza kuti onse akungochotsa nambala yaing'ono pa yaikulu posayang'ana imene ili pamwamba. Mnzake wa ku Mzimba n'kumuyankha kuti iyenso adakumana nazo, ndipo adamanga timitengo m'mitolo ya khumikhumi, ana n'kumamasula mtolo ndi manja awo. Wachitatu n'kuwonjeza kuti ndalama zoseweretsa za mapepala zidamuthandiza kuposa timitengo, popeza ana amadziwa kale kusintha ndalama kumsika. Mphunzitsi wawo wa ku koleji n'kuwafunsa onse atatu chifukwa chimene njirazo zidagwirira ntchito. Pamenepo ndiye pali kusula mphunzitsi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la sitandade 3 ndi lolemera. Chinanso, zolembazo zimakhalapo. Wophunzira wa chaka chamawa, amene lero ali fomu 4, adzazipeza zikumudikira. Kupatsa n'kuika: amene walemba lero vuto lake ndi m'mene adalithetsera, adzatapanso mawa pa zimene ena alemba poona chitsanzo chake.

Kulemba kumathandizanso wolemba mwini. Munthu angathe kuphunzitsa zaka zambiri osadzifunsa chifukwa chimene phunziro lina limayendera ndi lina limakanikira. Koma akati alembere mnzake momveka, amakakamizika kubwerera m'kalasi muja ndi maganizo, kukumbukira amene adakweza dzanja, amene adazolika, funso limene lidawasokoneza. Ambiri amapeza yankho ali m'kati molemba.

Chotchinga chachikulu ndi manyazi, ndipo manyaziwo ali pawiri. Oyamba ndi oopa kuvomera pagulu kuti phunziro lakanika, poopa kuti anzako akuyesa wopepera kapena kuti malikisi atsika. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Apa udindo uli ndi aphunzitsi a m'makoleji: wophunzira amene wafotokoza moona mtima phunziro lokanika, n'kuonetsa kuti waliganizira, apatsidwe malikisi oposa amene walemba zokometsera. Akaona kuti choonadi sichiwalangitsa, adzayamba kuchinena. Manyazi achiwiri ndi a chiyankhulo. Ambiri amaganiza kuti chilichonse cholembedwa pa kompyuta chiyenera kukhala m'Chingerezi, ndipo poopa kuthyola Chingerezi pamaso pa anzawo amangokhala chete. Chingerezi achiphunzire ndithu, n'chofunika pa ntchito yawo. Koma nkhani ya m'mene mwana wa zaka 6 amamvera liwu loti nyumba n'kuligawa m'maphatikizo imakambika bwino m'chiyankhulo chomwecho. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo aliyense amene adaiyesa akudziwa kuti Chichewa chake chimatsimphina pena ndi pena. Makina amaphunzira pa zimene anthu adalemba, ndipo ife talemba zochepa. Mphunzitsi aliyense wolemba Chichewa chabwino, kapena Chitumbuka, kapena Chiyao, akuthandiza ana amene sadzawaona n'komwe. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndinene tsopano za kutema kwa kalumo, pakuti ndaziona zikuchitika ndipo zimandiwawa. Mwana walemba yankho lolakwika pa mayeso, mphunzitsi walijambula n'kulitumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti anthu aseke. Mwana wabwera ndi yunifolomu yong'ambika, wina wamujambula, ati pofuna kupempha thandizo, nkhope ndi dzina zili poyera, makolo osadziwa. Chithunzi chimenecho chidzakhalapo mwanayo atakula, atakwatira, akufunsira ntchito. Madzi akatayika saoleka. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 loona za zochitika pa intaneti, koma mphunzitsi sayenera kudikira lamulo kuti adziwe kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Polemba za m'kalasi, dzina la mwana lisatchulidwe, nkhope yake isaoneke popanda chilolezo cha makolo, ndipo cholakwa chake chilembedwe ndi cholinga chofuna njira yomuthandizira. Tikumbukirenso kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala adabedwa n'kufala pa mafoni, ndipo ana osalakwa adalembanso mu Januwale 2021. Foni yomweyo imene ingafalitse nzeru idafalitsa kuba. Khalidwe la pa intaneti liphunzitsidwe ku koleji monga timaphunzitsira kavalidwe ndi kayankhulidwe ka mphunzitsi.

Kwa atsogoleri ndi onse othandiza maphunziro, mawu anga ndi akuti walira mvula walira matope. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale a m'tauni adakhala mumdima kwa miyezi yambiri. Wophunzira uphunzitsi amalandira kandalama kochepa, kamene amagawa pa ufa, sopo, lendi ndi thiransipoti. Kumuuza kuti atumize ntchito yake pa intaneti osamuganizira za bandulo, pochajira ndi netiweki imene imapezeka pokhapokha akakwera pachulu, n'kumusenzetsa katundu wa eni. Pali ena, makamaka atsikana ochokera m'mabanja osauka, amene amafika ku koleji asanagwirepo kompyuta, pamene anzawo a m'tauni adakula nayo. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amenewa apatsidwe nthawi yawoyawo m'chipinda cha makompyuta, aphunzitsidwe modekha, popanda wowaseka. Kugula zipangizo ndi tsiku limodzi, koma kuzikonza zikaonongeka, kusintha mabatire a sola ndi kulipira intaneti ndi za chaka chilichonse, ndipo ziyenera kulowa m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Anzanga achikulire, amene tidakula ndi sileti, nafenso tili ndi gawo. Ena mwa ife timati zamafonizi n'zachibwana, ife tidaphunzitsa madokotala ndi nduna popanda izo. N'zoona, tidawaphunzitsa. Koma ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mdzukulu akabwera kutchuthi kuchokera ku koleji, tiyeni timukhazike pamphasa, atsegule foni yake, ife tiyankhule iye azijambula mawu kapena kulemba: m'mene tinkayambira tsiku loyamba la sitandade 1, m'mene tinkagawira buku limodzi kwa ana asanu, m'mene tinkazindikirira mwana wosamva bwino amene aliyense ankamuyesa wamwano. Iye atiphunzitse podina, ife timupatse zoti alembe. Wina mwa ife amene manja akunjenjemera sangathe kulemba uthenga, koma pakamwa pakadali pabwino, ndipo uthenga wa mawu umatumizika ngakhale ndi wosadziwa kutaipa.

Chotsala ndi cha amene amayankha. Wophunzira akalemba kawiri katatu osayankhidwa, amaleka, ndipo sitingamudzudzule. Choncho koleji iliyonse ikatumiza ophunzira ake kumasukulu oyeserera, iike mphunzitsi wodziwika pa kagulu kalikonse ka ophunzira, amene ntchito yake ya sabata ndi sabata ikhale kuwerenga zimene alemba ndi kuwayankha, ndipo nthawi imeneyo iwerengedwe monga maola ake ophunzitsa. M'kagulu komweko alowetsemo mphunzitsi mmodzi kapena awiri opuma pa ntchito a m'dera lomwelo, awagulire bandulo. Funso lolembedwa Lachisanu liyankhidwe lisanafike Lamulungu madzulo, pakuti Lolemba m'mawa belu likalira ana aja adzakhala atafola kale pabwalo, ndipo phunziro la kuchotsera kobwereka lidzayenera kuphunzitsidwanso.